Sikelo imene amayezera ofufuza za umoyo

Pamisonkhano ya zaumoyo masiku ano pafala mwambo wina. Mlendo wolemekezeka asanayambe kulankhula, woyendetsa msonkhano amayamba wawerenga mbiri yake, ndipo m'kati mwa mbiriyo mumamveka manambala: walemba mapepala a kafukufuku okwana mwakuti, ofufuza anzake amutchula kokwana mwakuti, h-index yake ndi yakuti. Anthu amawomba m'manja. Mlangizi wa zaumoyo amene wapalasa njinga kuchokera kumudzi amawomba nawo, ngakhale palibe amene wamufotokozera chimene manambalawo akuyeza.

Nkhaniyi ikuoneka ngati ya m'mayunivesite mokha, koma ikutikhudza tonse. Manambala amenewa ndi ena mwa zinthu zimene akuluakulu amayang'ana pokweza munthu pantchito, popereka ndalama za kafukufuku, ngakhalenso posankha akatswiri oti alangize boma. Wofufuza naye ndi munthu: amalima mbewu imene ili ndi msika. Ngati sikelo ikukondera mafunso amtundu wina, mafunso amenewo ndiwo adzafika m'mudzi mwanu pagalimoto, ndi mafomu oti mudzaze, pamene funso limene limakusowetsani tulo, monga chimene chimachititsa kuti mankhwala azitha pachipatala mwezi usanathe, lidzayamba ladikira. N'chifukwa chake mwezi uno ndati tiiyang'anitsitse sikeloyi, monga momwe mlimi wochenjera amayang'anira sikelo ya venda asanatsitse thumba la soya.

Wofufuza akamaliza ntchito yake amalemba zimene wapeza m'pepala, n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Akatswiri ena awiri kapena atatu amaliunika, ndipo akakhutira limasindikizidwa. Kumapeto kwa pepala lililonse kumakhala mndandanda wa mapepala a anthu ena amene wolembayo watsamirapo. Ntchito yanu ikapezeka pamndandanda umenewo, ndiye kuti mwatchulidwa kamodzi. Kutchulidwa kumeneku, kumene pa Chingerezi amati citation, ndiko chuma cha anthu ophunzira.

Amene adatchukitsa kuwerengera kutchulidwaku ndi Eugene Garfield wa ku America. Ganizo lake adalifotokoza mu 1955, ndipo mu 1964 bungwe lake la Institute for Scientific Information, la ku Philadelphia, lidatulutsa Science Citation Index, kaundula woonetsa yemwe watchula mnzake. Poyamba cholinga chidali chothandiza munthu kupeza zolembedwa pamutu umene akufufuza. Kuchokera m'kaundulayu mudabadwa nambala yotchedwa impact factor, imene imanena kuti mapepala amene magazini idasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati chaka chino, tikagawana mofanana. Nambalayi idali yoyezera magazini, ndipo inkathandiza osunga mabuku kusankha magazini oti agule. Anthu adaitembenuza n'kuyamba kuyezera munthu, ngati kuti aliyense wogulitsa mumsika waukulu ndiye kuti tomato wake ndi wabwino.

Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa physics pa University of California ku San Diego, adabweretsa h-index. Kuti timvetse msanga, tiyerekeze kuti mapepala ndi nkhuku ndipo kutchulidwa ndi mazira. Mayi wina ali ndi nkhuku zisanu: ina yaikira mazira 10, ina 8, ina 5, ina 4, yotsiriza 3. Nkhuku zimene zaikira mazira anayi kapena kuposerapo zilipo zinayi, choncho h-index yake ndi 4. Kuti ifike pa 5, pafunika nkhuku zisanu zoikira mazira osachepera asanu iliyonse. Tsono taonani mnzake woyandikana naye nyumba, amene ali ndi nkhuku imodzi yokha koma yaikira mazira 300 n'kudyetsa mudzi wonse: h-index yake ndi 1 basi. Lero nambalayi imapezeka mosavuta pa intaneti, pa Google Scholar, pa Scopus ndi pa Web of Science, ndipo munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi manambala atatu osiyana, chifukwa malo atatuwa sawerenga zolembedwa zofanana.

Sindikunena kuti manambalawa ndi achabechabe. Kumene kulibe muyeso uliwonse, anthu amakwezedwa potengera chibale, chipani kapena kugwadira abwana, ndipo ife a m'chigawo chino matenda amenewo timawadziwa. Mtsikana wa luso amene alibe omulankhulira angathe kuloza mapepala ake n'kunena kuti nayi ntchito yanga, ndipo wokana amasowa pogwira. Ndi zoonanso kuti wofufuza amene watha zaka makumi awiri popanda mnzake aliyense kutchula ntchito yake ayenera kufunsidwa mafunso. Vuto limayamba pamene nambala ya kutchulidwa yasanduka nambala ya phindu.

Choyamba, makina owerengera sadziwa chifukwa chimene munthu watchulidwira. Mu 1998 magazini ya The Lancet idasindikiza pepala la Andrew Wakefield ndi anzake, lonena za ana 12 okha, limene lidafalitsa mantha akuti katemera wa MMR, woteteza chikuku ndi matenda ena awiri, amagwirizana ndi vuto la ubongo lotchedwa autism. Zidapezeka kuti n'zabodza. The Lancet idalichotsa pepalalo mu 2010, ndipo chaka chomwecho Wakefield adalandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain. Koma pepalalo latchulidwa koposa ka 1,000, ndipo ambiri olitchula ankalitsutsa. Pasikelo zonsezo ndi mazira. Munthu amene dzina lake lili pakamwa pa aliyense m'mudzi angakhale mzamba wodalirika, angakhalenso wakuba mbuzi.

Pali zinanso zing'onozing'ono. H-index sitsika, ngakhale mwini wake atasiya ntchito kapena kumwalira, choncho imakondera akuluakulu. Pepala likakhala ndi olemba mazana angapo, monga zimakhalira ndi mapepala a Global Burden of Disease owerengera matenda padziko lonse, aliyense amalandira kutchulidwa konse ngati kuti adalilemba yekha. Ndipo Scopus ndi Web of Science zimadzala ndi magazini a Chingerezi a ku Ulaya ndi ku America. Wofufuza wa ku Tete kapena ku Lichinga amene walemba m'Chipwitikizi, kapena wa ku Lubumbashi amene walemba m'Chifalansa, amaoneka wopepuka pasikelo imeneyi ngakhale ntchito yake itakhala yolemera. African Journals Online, imene idayamba mu 1998, ili ndi magazini a mu Africa oposa 500, ndipo ambiri mwa iwo sali m'makaundula awiri aja.

Koma amene sikeloyi imamulakwira kwambiri ndi wofufuza za ndondomeko za umoyo, uja amene safufuza tizilombo m'labotale koma amafunsa kuti ndalama za chipatala zichokere kuti, namwino atumizidwe kuti, lamulo lisinthe bwanji. Omvera ake enieni si ofufuza anzake ayi, koma nduna, alembi a m'maunduna, aphungu ndi akuluakulu a zaumoyo m'maboma. Anthu amenewa salemba mapepala a kafukufuku. Iwo akakhutira ndi umboni amalemba kalata yopita kuzipatala zonse, amasintha buku la malangizo, amawonjezera mzere mu bajeti. Zinthu zoterozo nthawi zambiri sizikhala ndi mndandanda wa mapepala kumapeto, ndipo ngakhale zikhale nawo, makaundula akuluakulu saziwerenga.

Gill Walt ndi Lucy Gilson adalemba mu 1994, m'magazini ya Health Policy and Planning, pepala limene latchulidwa kwambiri pantchito imeneyi. Mfundo yawo idali yakuti ndondomeko ya umoyo siimvetseka pongoyang'ana zimene ikunena. Tiyeneranso kuyang'ana anthu amene akuikoka uku ndi uku, nyengo imene ikupangidwira, ndi njira imene yadutsa. Mfundo yomweyi ikutiuza chifukwa chake phindu la wofufuza wotere n'lovuta kuliyeza. Titenge za ku Zambia. Mu 2006 boma la Levy Mwanawasa lidachotsa ndalama zimene odwala ankalipira m'zipatala zing'onozing'ono za m'maboma akumidzi. Ofufuza, kuphatikizapo Gilson amene adalemba za nkhaniyi mu 1997, adakhala zaka zambiri akusonyeza kuti malipiro otere amatsekereza osauka. Koma Zambia idalinso itangokhululukidwa ngongole zakunja mu 2005, Uganda idali itachotsa kale malipirowo mu 2001, ndipo 2006 chidali chaka cha chisankho. Ndani angayerekeze kugawa kuti gawo ili ndi la wofufuza, ili ndi la ndale, ili ndi la ngongole? Umboni umalowa m'mitu ya anthu pang'onopang'ono ngati mvula yamawawa, ndipo tsiku limene lamulo lasintha palibe amene amakumbukira dontho loyamba.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha Option B+ ku Malawi. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2010 ankati mayi woyembekezera amene ali ndi kachilombo ka HIV ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, chija amati CD4. Chikapezeka chotsika, pa 350 kapena kucheperapo, ayambe kumwa ma ARV moyo wake wonse. Chikakhala chokwera, alandire mankhwala kwa kanthawi pofuna kuteteza mwana. Papepala zidali bwinobwino. Koma zipatala zambiri zakumudzi zidalibe makina oyezera CD4. Magazi ankatumizidwa kutali, zotsatira zinkachedwa, ndipo mayi ankatha kubereka asanazione. Komanso amayi ambiri ankayamwitsa mpaka zaka ziwiri, kenako n'kutenga pathupi pena, kotero kuti kuyamba ndi kusiya mankhwala kukadangokhala kobwerezabwereza.

Unduna wa Zaumoyo ku Malawi udasankha njira yakeyake: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo, mbulu umodzi patsiku, moyo wake wonse, popanda kudikira CD4. Njirayi idayamba mu 2011. Panthawiyo padalibe kafukufuku wamkulu woyesera amene adali atatsimikiza njirayi, ndipo akatswiri ena akunja adaikayikira. Erik Schouten ndi anzake adafotokoza maganizo a Malawi mu The Lancet chaka chomwecho, m'nkhani ya masamba ochepa. Zotsatira sizidachedwe. Lipoti limene bungwe la CDC la ku America lidasindikiza mu 2013 lidasonyeza kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa oyamba ma ARV adachoka pa 1,257 m'miyezi ya April mpaka June 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya July mpaka September 2012. Mu 2013 WHO idaika njirayi m'malangizo ake, maiko ambiri adaitsatira, ndipo mu 2015 WHO idati aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala mosayang'ana CD4.

Nkhani ya mu The Lancet ija idatchulidwa kwambiri, ndipo idayenera. Koma funsani kumene manambala a 1,257 ndi 10,663 adachokera. Adachokera m'makaundula a kusikelo ya amayi ndi a kuchipinda cha ma ARV, olembedwa pamanja ndi anamwino, makilinishani, alangizi a zaumoyo ndi makalaliki, ndipo magulu a unduna ankayendera zipatala miyezi itatu iliyonse kukawawerenga. Popanda manja amenewo sipakadakhala umboni wogwedeza Geneva. Anthu amenewa alibe h-index. Malamulo a magazini azachipatala amati kutolera chabe manambala sikumuyenereza munthu kulembedwa ngati mlembi wa pepala. Akachita mwayi amathokozedwa m'kandime kakang'ono kumapeto, ndipo kandimeko palibe makina amene amakawerenga.

Ndiwonjezere kuti kafukufuku wothandiza si uja woyamikira yekha. Mu 2014 Lyson Tenthani ndi anzake adasindikiza zimene adapeza atatsatira amayi pafupifupi 22,000 a Option B+ ku Malawi: amayi 17 mwa 100 aliwonse adali atasowa pamankhwala pomatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ambiri mwa osowawo adasiya kumayambiriro kwenikweni. Aliyense amene adagwirapo ntchito kumudzi akudziwa zifukwa zina: mayi wauzidwa lero kuti ali ndi kachilombo, lero lomwelo wapatsidwa botolo, sakumva kupweteka paliponse, ndipo sadziwa kuti akamuuza bwanji bambo kunyumba. Pepala lotere phindu lake lili pa namwino amene wayamba kupatula nthawi yokwanira yocheza ndi mayi tsiku loyamba, ndi pa mlangizi amene wapita kukamuyendera mayiyo sabata yotsatira. Nthawi imeneyo ndi ulendo umenewo sizilowa mu Scopus.

Nthawi zina sikelo ndi phindu zimagwirizana, ndipo tisabise. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka, Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake adayesa mankhwala otchipa a cotrimoxazole, aja ambiri timawadziwa kuti Bactrim kapena Septrin, pa ana oposa 500 amene adali ndi HIV. Kafukufukuyu adaimitsidwa nthawi isanakwane mu 2003 chifukwa kusiyana kudaonekeratu: mwa ana olandira mankhwalawa adamwalira 28 pa 100 aliwonse, pamene mwa osalandira adamwalira 42. Zotsatira zidatuluka mu The Lancet mu 2004, ndipo chaka chomwecho WHO, UNICEF ndi UNAIDS adalimbikitsa kuti ana otere azilandira mankhwalawa. Apa kutchulidwa kudachuluka, ndipo ana adapulumuka. Komabe zindikirani kuti uyu adali kafukufuku woyesa mankhwala, mtundu umene magazini akuluakulu amaukonda. Wofufuza amene adzafunse chifukwa chake Bactrim yemweyo sapezeka pachipatala china chakumalire, ngakhale ali m'malangizo, pepala lake lidzavutika kupeza malo m'magazini otero, ndipo odzalitchula adzakhala ochepa, poti nkhani ya boma limodzi sikhudza wofufuza wa ku London.

Sikelo ikakhala ndi ndalama kumbuyo kwake, anthu amaphunzira kuipusitsa. Ku South Africa boma limapatsa mayunivesite ndalama pa pepala lililonse losindikizidwa m'magazini ovomerezeka, ndipo mayunivesite ena amapatsako wolembayo gawo. Mapepala adachulukadi. Koma mu 2017 Johann Mouton ndi Astrid Valentine a ku Stellenbosch adasonyeza kuti pakati pa 2005 ndi 2014 mapepala oposa 4,000 a ofufuza a m'dzikomo adatuluka m'magazini okayikitsa, aja amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Palinso ena amene amadula kafukufuku mmodzi kukhala mapepala anayi, ena amadzitchula okha mobwerezabwereza, ena amapangana ndi anzawo kuti azitchulana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi amene adaonapo anthu akuthira madzi kapena mchenga mu thonje kuti lilemere sangadabwe nazo.

Ophunzira enieniwo adaliona vutoli. Mu December 2012 gulu la akonzi a magazini ndi ofalitsa mabuku, pamsonkhano wa ku San Francisco, lidakonza chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti impact factor isamagwiritsidwe ntchito poyeza munthu polemba ntchito, pokweza kapena popereka ndalama. Mabungwe ambiri adasaina. Ku Britain, poyeza kafukufuku wa mayunivesite mu 2014, magawo 20 pa 100 a malikisi adaperekedwa potengera zimene kafukufukuyo adasintha kunja kwa yunivesite, ndipo mu 2021 adakweza kufika pa 25. Yunivesite imayenera kulemba nkhani yofotokoza chimene chidasintha, kuti, kwa yani, ndi umboni wake. Njirayi nayo ili ndi zofooka zake, pakuti wodziwa kukometsa nkhani amapambana wodziwa ntchito koma wosalankhula. Koma mwa njira ziwirizi ine ndingasankhe iyi, chifukwa nkhani yonena kuti chipatala chakuti chidasintha munthu angathe kupita kukaitsimikiza, pamene nambala ya 40 kapena 60 palibe poigwira.

Apa ndi pamene inu alangizi, a makomiti a zaumoyo ndi mafumu muli ndi mphamvu imene simuigwiritsa ntchito mokwanira, chifukwa mboni za zimene zidasintha ndi inuyo. Wofufuza akafika kudzapempha chilolezo cholowa m'mudzi, manambala ake muwalandire mwaulemu, kenako mumufunse za kafukufuku wake wapitayo: adachitikira kuti, anthu akumeneko adauzidwa zotsatira m'chilankhulo chawo kapena ayi, ndipo ku unduna kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndani adalandira lipoti. Mufunsenso ngati mwa olemba pepala mudzakhale munthu wa dziko lino amene watsogolera nawo ntchito, osati wongoikidwa pakati pa mndandanda. Wofufuza woona mtima sakwiya ndi mafunso otere; ambiri amakondwera, poti ndi mafunso amene kuyunivesite kwawo safunsidwa kawirikawiri.

Muonenso kalata yovomereza kafukufukuyo. Ku Malawi imachokera ku makomiti monga National Health Sciences Research Committee, ku Zambia kuli National Health Research Authority, ndipo maiko enanso ali ndi mabungwe awo. Chikalata cha Helsinki, chimene bungwe la World Medical Association lidakhazikitsa mu 1964 ndipo lidachikonzanso posachedwapa mu 2024, chimati otenga nawo mbali m'kafukufuku apatsidwe mwayi wodziwa zotsatira zake, ndiponso kuti anthu a m'dera amvedwe kafukufuku asanayambe, ali m'kati, ndi atatha. Choncho pamene mukugwirizana za tsiku loyamba kufunsa mafunso m'makomo, gwirizananinso za mwezi umene adzabwere kudzafotokoza zimene apeza, ndipo mlembi wa komiti alembe mweziwo m'buku, pamodzi ndi dzina la ofesi imene mungakafunseko ngati mweziwo wadutsa.